Safunsa anagula jeke wa lole

Makolo anati safunsa anadya phula. Munthu uja anapatsidwa chisa cha njuchi, manyazi anamugwira, ndipo anameza phula n'kusiya uchi. Mdzukulu wake alipo, masiku ano ali ndi galimoto. Jeke wake wakale wayamba kudontha oyilo, akakweza galimoto imatsika yokha pang'onopang'ono ngati thadzi lokhalira mazira, ndiye Loweruka m'mawa walowa m'sitolo ya zipangizo mu Limbe ndi funso limodzi lokha: "Bwana, ameneyu ndi wa matani angati?"

Phula lake ndi matani amenewo. Daihatsu Mira, yomwe yadzaza m'misewu ya Blantyre ndi Lilongwe, sikwana n'komwe tani imodzi. Honda Fit imangopitirira tani pang'ono. Komanso jeke sasenza galimoto yonse, amangotukula mbali imodzi, moti wa matani 2 ndi wokwanira. Koma mkuluyu akutuluka ali wefuwefu, atakumbatira jeke wa botolo wa matani 10, woyenera lole ya fodya yopita ku Kanengo.

Kufika kunyumba, jeke akukana kulowa.

Magalimoto ang'onoang'ono ochokera ku Japan ndi afupi miyendo, n'chifukwa chake amakhula mimba pa bampu iliyonse. Ambiri mpata wa pansi pawo ndi wa masentimita 13 mpaka 15, ndipo Toyota 86 ili pa 13 penipeni. Chijeke cha botolo chija chikadzipinda chonse chimapitirirabe masentimita 20. Jeke wamba wa timatayala amayambira pa 13 kapena 14, pomwe wafulati, wopangidwira magalimoto otsika, amayambira pa 8 kapena 9. Ndiye pali chimene aliyense amaiwala: jeke amafunika tsiku limene tayala laphwa. Tayala lolembedwa 175/65 lili ndi nthiti ya masentimita pafupifupi 11, ndipo mpweya ukathawa galimoto imagwada, mpata uja n'kuchepera pomwepo.

Wofunika kufunsidwa sanali wa m'sitolo, amene ntchito yake ndi kugulitsa. Inali galimotoyo, ndipo imayankha munthu akagwada ndi tepi yoyezera. Kuseri kwa tayala lakutsogolo, m'munsi mwa chitseko, kuli kamzere kachitsulo kokhala ndi timipata tiwiri. Jeke amagwira pamenepo, ndipo muyeso umayambira pamenepo kufika pansi. Akagwira pena, chitsulo chimalowa m'kati ngati chitini chopondedwa ndi mwana. Kutalika kumene jeke amafika nako n'kofunika, poti bodi imayamba kukwera tayala likadali chigwirire dothi, masipuling'i akudziwongola kaye.

Jeke wa oyilo wonyamulika m'manja anayamba ndi Richard Dudgeon ku New York mu 1851, ndipo nzeru yake sinasinthe: kapampu kakang'ono kamakankhira oyilo pansi pa pisitoni yaikulu. Zonsezo zimadalira timalabala tochinga oyiloyo kuti asabwerere. Amene amathiramo mafuta a buleki, poti ndiwo ali pafupi, amawononga timalabalato. N'chifukwa chake makanika wodziwa ntchito salowetsa mutu pansi pa galimoto yokhala pa jeke yekha, amayamba waika masitandi achitsulo. Njerwa zootcha zimene ena amasanja zimaphwanyika osatsanzika.

Mdzukulu wa Safunsa sanabweze katunduyo, poti lisiti anakulungira zitumbuwa. Wabwereka thabwa kwa kalipentala woyandikana naye, wakwezapo tayala kuti apeze masentimita ena asanu, jeke wakanabe. Pamapeto pake watuma mwana kukapempha kajeke kopukusa ka mayi wa Vitz wa kuseri. Chijeke cha matani 10 chili pakhonde, chikuletsa chitseko cha kukhitchini kumenyetseka ndi mphepo.