Kalata Yochokera ku Joni: Galimoto Yosenza Denga

Okondedwa amalume,

Ndalemba kuti ndiyankhe nkhani ya zithunzi zikuyenda pa WhatsApp zija, za mapikapu okhala ndi kanyumba kumbuyo. Ndikudziwa kuti inu mlanduwu munaugamula kale pansi pa mtengo wa mango, kuti eni ake ndalama zawazunguza mitu. Ine ndikupempha apilo. Anthu amenewa ali ndi misala yawo ndithu, koma pa chinthu chimodzi atiposa tonse: amadziwa kulemera kwa chilichonse chimene akweza m'galimoto, mpaka supuni.

Poyamba mudziwe chinthucho. Kuno pikapu amati bakkie, ndipo zambiri zimapangidwa konkuno: Toyota Hilux ku Prospecton kufupi ndi Durban, Ford Ranger ku Silverton mu Pretoria, Isuzu D-Max ku Gqeberha. Munthu akagula imodzi amapita nayo kwa amisiri, monga a Alu-Cab a ku Cape Town, n'kumangitsa bokosi la aluminiyamu kumbuyo konyamula katundu kuja. Pamsewu bokosilo limakhala lofupika, lotsekeka bwino. Madzulo akafika pogona amamasula zokowera, n'kukankha denga ndi dzanja limodzi, timipope ta mpweya n'kulinyamula tokha, nsalu ya tenti n'kutambasuka m'mbali. M'mwambamo muli matiresi oyalayala, neti ya udzudzu ili m'mazenera. Pansi pali madirowa a mapoto, thanki ya madzi, kabotolo ka gasi, ndi filiji yoyendera batire yachiwiri imene imadya moto wa sola, kuti batire yolizira injini isapezeke yafa m'mawa chifukwa choziziritsa mowa. Makolo anati mutu umodzi susenza denga, koma kuno Hilux imodzi ikusenza denga, khitchini ndi bafa, n'kumathamanga nazo pa msewu wa N1.

Funso lanu loyamba ndalimva ndili kuno: munthu wa nyumba ya matailosi ndi madzi otentha akakagone kutchire chifukwa chiyani, pamene ife tinawoloka Limpopo kuthawa kugona pansi? Funsoli ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. Koma kumene amapitako kulibe resitihausi. Ku Kgalagadi, malo a nyama amene South Africa imagawana ndi Botswana, misasa ina ya mbali ya Botswana monga Mabuasehube ilibe mpanda, ndipo mikango imadutsa pakati pa msasa usiku popanda kuodira. Madzi, mafuta ndi nkhuni uyenera kubwera nazo wekha. Munthu wogona pamwamba pa galimoto kumeneko wangochita zimene agogo ankachita pomanga nsanja kumunda. Ndipo denga lotsika lija si lokongoletsa. Kanyumba kataliatali kosapindika kamakankhidwa ndi mphepo, kamamwetsa dizilo, ndipo pamalo opendekeka ngati Sani Pass, msewu wokhotakhota wokwera mpaka kufika mamita opitirira 2,800 pamwamba pa nyanja kulowa ku Lesotho, galimoto yolemera kumutu siichedwa kugona chammbali. Katundu wolemera azikhala pansi, wopepuka pamwamba. Apa palibe misala.

Tsono mtima wa nkhani uli pa sikelo. Bakkie iliyonse ili ndi kachitsulo kolembedwa kulemera kumene siyenera kupitirira ikadzaza. Amaitcha ya tani imodzi, koma zambiri za zitseko zinayi zija sizifika n'komwe pa tani, ndipo m'chiwerengerocho muli dalaivala, mkazi wake, ana ndi agalu. Kanyumba kopepuka kokha, musanaikemo ngakhale bulangete, kamapitirira makilogalamu 200. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 80 ndi munthu wamkulu wina amene wakwera osalipira. Onjezanipo zigubu za dizilo za malita 20, tayala lachiwiri lapadera, chitsulo chotchinga kutsogolo, jeke wamtali, fosholo, filiji yodzaza nyama yokawotcha pa braai, ndi mwini galimoto amene braai yomweyo yamukomera zaka zambiri. Mukawerengera mupeza kuti tani ija yatha musanafike pa mipando. Woyenda m'tchire wanzeru amapita pa sikelo galimoto itadzaza, amayeza matayala akutsogolo paokha ndi akumbuyo paokha, kenako amabwerera kunyumba kukatsitsa mpoto wachitsulo wa miyendo itatu umene amaukonda kuposa alamu ake. Ena amasintha masipuling'i n'kuika olimba, galimoto n'kuima chilili ngati sinanyamule kanthu, koma mabuleki ndi ekiselo ndi omwe aja. Choopsa kwambiri ndi katundu wolendewera kuseri kwa matayala akumbuyo: pa msewu wa mabampu amatha kupinda chasisi pakati pa kabini ndi bodi, galimoto n'kuwerama ili kutali ndi makaniko aliyense. Ngakhale pa mchenga nzeru yake ndi yochotsa: amaphwetsa matayala pang'ono kuti apondeponde motambalala, n'kudzawapopanso akafika pa tala.

Apa ndiye mudzuka pampando, amalume, n'kundikumbutsa za matransipota athu. Inde, aliyense amawadziwa. Bakkie yonyamuka ku Johannesburg itasenza mafiliji, mabedi, njinga, matumba a mashangani ndi zigubu za mafuta ophikira mpaka kutalika kuposa basi, ngolo ikukokedwa kumbuyo, mphuno ya galimoto italoza kumwamba. Imadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kufika pa Mwanza, ndipo katundu amafika. Mukuti nanga sikelo yagwira ntchito yanji? Ndiyankhe mwaulemu: inu mumaona zimene zafika. Zimene sizinafike timaziona ife a pamsewu, zitaima pambali kupitirira Polokwane kapena Musina, tayala litaphulika, anyamata atagona pansi pa ngolo kudikira ekiselo yochokera ku Joni, mwini filiji ali ku Ndirande kuimba foni imene sikuyankhidwa. Komanso transipota amayenda pa tala pamene pali anthu, ndipo akafa amapeza womukoka. Wa ku Kalahari akathyola sipuling'i, amene angabwere msanga kudzamuzonda ndi fisi. Sindikunyoza abale athu, pakuti amakweza mopitirira chifukwa ulendo umodzi uyenera kulipira mafuta, zipata ndi sukulu ya ana. Koma galimoto siidziwa kuti mwini wake ndi wosauka. Imathyoka pa kulemera komweko, kaya yanyamula malata a amalume kapena vinyo wa bwana.

Pa za ndalama ndikugonjerani theka. Zoona, mtengo wa kanyumbako ndi zida zake ukhoza kumanga nyumba ya njerwa zootcha kwathuko, khonde ndi chimbudzi chomwe. Zoonanso kuti ambiri ogula zinthuzi tchire amangolionera pa TV. Mukapita ku Sandton mupeza bakkie yovala fosholo yonyezimira imene sinalawepo dothi, matayala a matope, tenti pamwamba, ikulimbana ndi kulowa pamalo oimika galimoto a pansi pa sitolo, mlonda akukuwa kuti denga likhula. Amenewo asekeni mmene mungathere, ndipo ndikuthandizani. Kungoti nthawi ya kuzimazima kwa magetsi, nyumba zina za mpanda zinkadalira filiji ya m'galimoto ili m'galaja, ndiye ngakhale wodzionetsera anapeza podzitetezera kwa mkazi wake. Koma oyendadi alipo, ndipo ena mumawaona kwathu konko: ku Cape Maclear, ku Senga Bay, ku Chitimba, ena akukwera msewu wa Gorodi wopita ku Livingstonia ndi makona ake osawerengeka aja, ena akulowera ku Nyika. Amagula tomato, nkhuni ndi chambo, amalipira pogona pa msasa. Mukawaona atatukula denga m'mbali mwa nyanja musawamvere chisoni kuti asowa abale owalandira. Muwagulitse mazira pa mtengo wabwino.

Ndafotokoza zonsezi, amalume, chifukwa mndandanda wanu wa katundu wa Disembala ndaulandira, masamba onse awiri. Ndauwerengera monga amachitira anzathu a matenti aja, cholembera m'manja. Filiji, sofa, jenereta, njinga ziwiri, matumba a simenti amene sindikumvetsa chifukwa chake achokere kuno pamene ku Blantyre aliko, ndi wilibala ya a mfumu. Zonsezi pamodzi zikufuna lole, ndipo transipota amalipiritsa poyang'ana kukula ndi kulemera, osati chibale. Chonde khalani pansi ndi amayi, musankhepo zitatu, zolemera zikhale ziwiri zokha. Nsapato za ana zibwera, zimenezo n'zopepuka. Wilibala muwauze a mfumu kuti ikuganiziridwa.

Mupereke moni kwa onse, makamaka agogo.

Ine mwana wa mlongo wanu,
wa ku Joni