Maso a Nkhono pa Damu la Luwawa

Makolo athu, amene chitsulo chouluka ankachidziwa pa nthungo ndi muvi pokha, anatisiyira mau akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ngakhale ana a lero amayesa kuti mwambiwu unapita pamodzi ndi nyanda, ine ndikuti unali usanapeze mwini wake kufikira pamene anyamata anayamba kuulutsa tindege totchedwa droni, atadziphimba kumaso ndi magalasi oonetsa zimene kandegeko kakuona.

Taganizani mnyamata wochokera ku Joni, monga achitira ana ambiri a ku Mzimba, ataima m'mbali mwa damu la Luwawa ndi droni yake. Anamva kuti mu 2017 Boma ndi UNICEF anapatula thambo la ku Kasungu, makilomita 40 mbali zonse za bwalo la ndege, kuti aziyeserako madroni, ndipo anena mumtima mwake, nanga yangayi ilekeranji kukalonjera a bwanamkubwa ku Mzimba boma? Koma taonani, kandege kangozemba kuseri kwa mzere woyamba wa paini, chithunzi chadzala timadontho, pambuyo pake mdima, ndipo mwini wake watsala chiimire, wakhungu dzuwa likuswa mtengo.

Mlandu suli ndi mfiti. Chithunzicho chimadza pa mafunde a 5.8 GHz, aafupi ngati masentimita 5 okha, amene sadziwa kuzungulira phiri, ndiponso amamezedwa ndi madzi a m'masamba, makamaka mame akagwa. Kotero kuti mitengo ija inabzalidwa pa Viphya m'zaka za m'ma 1960 kudikira fakitale ya mapepala imene sinamangidwe, yapeza ntchito tsopano, ya kudya zithunzi za alendo.

Mankhwala amene mnyamata amathamangira ndiwo kukuwa. Akweza mphamvu ya kachitsulo kotumiza chithunzi kuchoka pa 25 mW kufika pa 400 mW, osadziwa kuti malonda ake ngoumira, pakuti wofuna kuwirikiza mtunda kawiri ayenera kuwirikiza mphamvu kanayi, ndipo zimenezo n'za poyera, popanda tsinde limodzi. Phindu lake ndi kachitsulo kotentha kandege kasananyamuke n'komwe, mnzake wouluka pafupi wochititsidwa khungu, ndi a MACRA, eni mafunde a dziko lino, amene sanapemphedwe.

Nkhono siikuwa. Maso ake imawanyamula pa nsonga za timinyanga, niwakweza pang'onopang'ono kufikira aone bwino, ndipo ikakhudzidwa imawabweza isanapwetekedwe. Chomwecho wofuna kuona patali ayambe wakwera pamtunda pamene palibe chotchinga pakati pa iye ndi droni, amange eriyo yolandirira pa nsonga ya nsungwi, ndipo ikakhala ija yathyathyathya yomva mbali imodzi, ailozetse kumene kandege kapita, osati kumene atsikana akuchapa. Maeriyo onse awiri, yolandirira ndi ya pa droni, akhale ozungulira mbali imodzi, lamanja ndi lamanja, pakuti banja la lamanja ndi lamanzere silimvana. Ya pa droni itukuke, isabisale kuseri kwa batire. Ndipo aimangirire ndithu asanayatse, chifukwa kachitsulo koyatsidwa kopanda eriyo kamadzipsereza kokha. Akatero apite pang'ono, abwere, apitenso, timadontho tikayamba atembenuke msanga.

Wosamvera adzaonedwa madzulo akukwawa m'munsi mwa paini, mathalauza a ku Joni atang'ambika, akupepesa kwa ocheka matabwa: "Pepani abambo, simunaoneko kanthu kakugwa?" Ndipo ikakhala nyengo ya Okutobala, masamba a paini atauma gwa, ayenera kufulumira ndithu pamenepo, popeza batire ya droni ikaboweka imayaka moto, ndipo alonda a nkhalango ya Chikangawa, amene moto wawasautsa chaka ndi chaka, sadzamufunsa za mafunde.