Workshop kapena conference? Funsani wa kabaza ku Makokola

Pamsewu wa ku Monkey Bay, pomwe a kabaza amadikirira makasitomala pafupi ndi Makokola Retreat ndi Sunbird Nkopola, pabuka mtsutso: kodi workshop, conference ndi retreat zimasiyana pati, poti konseko mabwana amabwera pa galimoto za MG atakoleka makadi m'khosi?

Aphunzitsi ena opuma ntchito akuti yankho n'losavuta. Workshop ndi ya anthu ochepa, ogawana m'magulu n'kumalemba pa mapepala omata pakhoma. Conference ndi ya chikhamu: nduna imatsegulira, ena onse n'kumaomba m'manja. Retreat ndi kuthawa phokoso la ku Capital Hill kuti mukaganize mofatsa. Ceremony imakhala ndi mwambo wake, monga kudula riboni, pomwe reception ndi madyerero a pambuyo pake. Nanga function? Akuti ndi chilichonse chimene mwachivalira suti koma simukudziwa dzina lake.

A kabaza akukana. "Aphunzitsi, zimenezo n'za m'buku. Workshop ndi ija amasainira alawansi masana, madzulo ife n'kugwira ntchito mpaka usiku. Retreat ndi ija satuluka pageti, yotisowetsa ndi ya sopo yomwe."

Amayi ogulitsa chambo nawo ali ndi muyeso wawo. Akuti conference yeniyeni imadziwika Lachisanu, madalaivala akayamba kufunafuna ayisi wa mu cooler box. Nsomba zikatsala, akuti imeneyo inali seminar chabe. N'chifukwa chake boma likaletsa misonkhano ya kunyanja pofuna kupulumutsa ndalama, monga lachitirapo, oyamba kudandaula si mabwana.

Osema ziboliboli amalumbirira festival. Amakumbukabe Lake of Stars ya ku Nkopola mu 2014 ndi 2015, pomwe alendo ankagula njovu yamtengo osanenerera kwambiri. Wa workshop, akuti, amanenerera mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kungojambula chithunzi.

Agogo ena anangopukusa mutu. Akuti kumudzi ndowa ndi ndowa, sadaka ndi sadaka, ndipo anyamata akamatuluka ku jando palibe amafunsa pulogalamu kapena kusainira mpunga.

Choncho inu a m'tauni, dzina la msonkhano wanu sankhani nokha. Koma musanabwerere ku Lilongwe, imani pamsewu mugule chambo, apo ayi kuno adzati simunasonkhane.