Theche la Makina Silifunsa Pasipoti

Pa Mwami mzere wa malole ukakana kuyenda, chimene chimayenda ndi pakamwa. Chitsegulireni chipata chimodzi cha mayiko awiri mu 2022, Mmalawi ndi Mzambia amadinditsa mapepala pansi pa denga limodzi, ndiye amatonzananso pafupi. Tsiku lina pamzerepo panali awiri otere, a pachilamu. Wa ku Mchinji anakwatira mlongo wa mnzakeyo, wa ku Chipata, ndipo onse amagulitsa zipangizo za chainsaw kwa anthu ocheka matabwa.

"Ba mulamu, manje mu katoni muli chiyani?"

"Matcheni, alamu."

"A makina ati?"

"A chainsaw."

"Malawi ameneyo! Munthu akufunsa saizi ya nsapato, iwo akuti ndi za phazi."

"Kwathu tcheni ndi tcheni. Chikatalika timadula, chikafupika timalumikiza. Fundi wa njinga alipo pamsika uliwonse."

Mzambia anagwira m'mutu, natulutsa tcheni chimodzi n'kuchiyala pa bondo. Apa ndiye nkhani inafika pa manambala, ndipo kunena zoona mkuluyu amaidziwa ntchito yake.

"Manambala ni atatu chabe, ba mulamu. Yoyamba ndi kutalikirana kwa mfundozi: pali .325, pali 3/8, pali .404. Nambala imeneyi igwirizane ndi siproketi ya makina komanso kagudumu ka kunsonga kwa bar. Yachiwiri ndi kunenepa kwa timano ta m'munsiti, toyenda m'kanjira ka bar: 1.3, 1.5 kapena 1.6 milimita. Yachitatu, muwerenge timanoto. Stihl MS 382 ya bar ya mainchesi 20 imafuna 3/8, 1.6, timano 72. Tija ta ku China totchipa, 5200, timakonda .325, 1.5, timano 76. Mainchesi ni amodzi, koma si abale."

"Inu a ku Zambia manambala munayamba kuwalemekeza liti? Si inu munafufuta maziro atatu pa kwacha mu 2013?"

"Ise tinafufuta. Imwe mukuwonjezera. Ya 5,000 ija mwaisunga bwino?"

Mayi wina wa zitenje, amene anakhala pa mtolo wake chapafupi, anaseka mpaka kutsokomola. Mmalawi anangokanda chibwano.

"Chabwino. Koma tcheni cha 1.5 m'kanjira ka 1.6 chimalowa bwinobwino. Ndayesapo."

"Chimalowa, inde, koma chimayenda chopendekeka. Thabwa lituluka lokhota, kanjira kakula, tsiku lina tcheni chivuka makina ali pa liwiro. Ndipo bar ya Husqvarna musaikakamize pa Stihl. Wina ni wa ku Sweden, wina wa ku Germany, kumchira kwawo mabowo ni osiyana. Koma kwanu mumatenga tupa n'kukulitsa bowo."

"Limenelo ndi luso, alamu."

"Amenewo ni maliro."

Mmalawi sanafune kufa yekha. Analoza mtolo wautali umene mlamu wake anautsamiritsa pakhoma, wokulunga m'makatoni.

"Nanga malupanga awo? Mainchesi 36! Mzambia akagula kamakina kakang'ono, amafuna bar yofika ku Katete iye ali ku Chipata. Kungoti anthu aone. Ife a ku Malawi tinakulira pa paini wa ku Chikangawa, timadziwa kuti mtengo wochepa sufuna lupanga la mfumu."

"Kwathu mitengo ni mitengo, ba mulamu. Mukwa, mukula."

"Mukula muutchule motsitsa, pali a yunifolomu apa. Ndipo mukwa wanuwo ndi mlombwa wathu womwewu, sunenepa chifukwa choti wawoloka malire."

Apa Mmalawi analasa. Theche la chainsaw limachokera malo amodzi, kumtunda kwa nsonga ya bar, pamene tcheni chimakhota kuti chibwerere pansi. Dzino likaluma chinthu pamenepo, kaya nthambi yobisika kuseri kwa chipika, kaya mtengo watsina tcheni, mphamvu yonse ya injini imaponya bar m'mwamba chakumaso kwa wocheka, diso lisanaphethire. Bar ikatalika, nsonga imafika kumene maso sakuona. Nsonga ikakhala yotakata, malo oopsawo amakulanso. N'chifukwa chake bar yaifupi, ya mphuno yosongoka, ndi yofatsa. Koma uzani wogula zimenezi, akuyankhani kuti mukumunyoza.

"Ndipo buleki," anapitiriza Mmalawi, tsopano atapeza mpweya. "Chigwiriro chakutsogolo chija, choimitsa tcheni makina akadumpha. Ndinaona makina atatu pa Kapata, onse chothyoka, china chomanga ndi mphira."

"Amenewo anagulidwa kwa a ku Malawi."

"Bodza!"

"Pa Malangalanga ku Lilongwe ninafunsa chigwiriro chimenecho, mnyamata wa m'sitolo akuti, 'Bwana, chimenecho n'chokongoletsa chabe.'"

Mayi wa zitenje analowerera. "Inu azibambo, mwamuna wanga amacheka matabwa. Akagula tcheni chatsopano, asanachiike n'komwe, amakhala pansi pa mango ndi tupa, kwee kwee, kupala timitu tija tili kutsogolo kwa dzino lililonse. Akuti chizidya msanga. Zimenezo ndi za dziko liti?"

Onse awiri anayang'ana kumbali.

"Za ku Mozambique," anatero Mzambia.

"Eya, za ku Tete," anavomera mlamu wake. Kanali koyamba kugwirizana chiyambire m'mawa.

Chilungamo chake n'chakuti tchimo limeneli ndi la ponseponse. Kamutu kameneko ndi kamene kamaletsa dzino kuluma mopyola muyeso. Pa matcheni ambiri kamayenera kutsika ndi 0.65 milimita pansi pa dzino, basi. Ocheka matabwa pamanja amakapala kwambiri, ena kukachotseratu, chifukwa amalipidwa pa thabwa, ndipo amachekera kunsonga komwe kuli theche. Opanga matcheni anayesetsa. Pali matcheni okhala ndi kalinunda pakati pa mano, koteteza dzino likamakhota pansonga. A Stihl amaika chizindikiro chobiriwira pa matcheni ndi mabar ofatsawo, ndi chachikasu pa aukali, oyenera anthu ozolowera.

"Obiriwirawo mumagulitsa angati, alamu?"

"Ninabweretsa khumi chaka chatha. Alipo asanu ndi anayi."

"Chimodzicho anagula ndani?"

"Abusa. Odulira nkhuni za pamishoni."

"Mwaona! Kwathunso akuti chobiriwira n'chaulesi, chimanyambita mtengo m'malo moudya."

"Mayi, bambo a kunyumba ali ndi makina anji?" Mzambia anatembenuka, diso la malonda litayera.

"Ofiira."

"Mayi awa ni a kwanu, ba mulamu."

"Ndine wa ku Chadiza," anatero mayiyo. "Ndipo pachipumi ali ndi chipsera kuyambira apa mpaka apa. Akuti inali nthambi."

Mmalawi anatsegula katoni yake msanga. "Mayi, mukafika mukaone kumchira kwa bar, pafupi ndi mabawuti. Manambala atatu aja analembedwa pamenepo. Muwalembe papepala, mubwere nawo kwa ine pa Mchinji. Ndikupatsani tcheni choyenera, tupa ya saizi yake, ndi kachitsulo koyezera timitu tija."

"Kwa imwe? Munthu amene wangophunzira manambala lero lino, pa bondo langa?"

"Sukulu yaulere, alamu. Mtengo wake ndidzachotsera pa ngongole ija ya chimanga."

Wa kasitomu anakodola pawindo. Mzambia ananyamula malupanga ake paphewa, natembenuka mwaulemu kuti atsanzike mayi wa zitenje, ndipo nsonga ya mainchesi 36 inakokolola chipewa cha mlamu wake n'kuchigwetsera mbali ya Zambia.

"Chimenecho mulipire msonkho," anatero, osacheuka.