Pule ya ku Joni pamsewu wa ku Nsaru

Mphwanga amene amagwira ntchito pagalaja ku Johannesburg akuti Corolla yanga ili ndi mphamvu zobisika. "Malume, injini yanuyo ikudyetsa alendo ambiri. Sinthani pule," watero pa WhatsApp, ngati kuti ndinamudandaulira.

Nkhani yake ili motere. Kutsogolo kwa injini kuli pule yomwe imakoka lamba, lambayo n'kumazunguza olutaneta yotchaja batire, pampu ya madzi, pampu yofewetsa chiwongolero ndi makina oziziritsa m'galimoto. Zonsezi zimadya mphamvu ya injini. Ndiye anyamata othamangitsa galimoto ku Kyalami ndi kwina amachotsa puleyo, n'kuika yaing'ono ya aluminiyamu, kuti zinthuzi zizizungulira pang'onopang'ono, mphamvu yotsalayo ipite kumatayala. Amapeza mahosipawa owerengeka, ndiponso amawapeza injini ikamalira mokweza kwambiri. Nzeru imeneyi aliyense wa chigayo pa Mpingu amaidziwa: ukachepetsa pule ya kuinjini, chigayo chimayenda mwaulesi ndipo amayi amayamba kukunena pamzere.

Ine, munthu wokonda chitukuko, ndinavala jekete n'kupita nayo nkhaniyi kwa makaniko wanga pa Namitete. Anatsegula boneti, nayang'ana kwa nthawi yaitali ndithu.

"Bwana, tichepetse chiyani apa? Zoziziritsa zinafa kale, lamba wake munamangira chitseko cha khola. Chiwongolero mumapinda ndi mphamvu ya nsima. Chatsala ndi olutaneta ndi pampu ya madzi, ndipo zimenezi zikagona, inunso mugona panjira."

Anandilangiza ndili chiimire. Akuti pule yaing'ono imasautsa injini ikamalira pang'onopang'ono: batire silikhuta, nyali zimachita chizimezime, madzi sayenda mokwanira ndipo injini imatentha. Komanso pule yobwera ndi galimoto imakhala ndi labala yomeza kunjenjemera kwa injini, pomwe zambiri za aluminiyamuzi zilibe. Tsono ine liwiro ndilipeza kuti? Pamsewu wa M12 wopita ku Mchinji, ukangoti uponde mafuta, pali njinga ya makala. Ukaipitirira, mbuzi. Ukapulumuka mbuzi, apolisi apamsewu akukupatsa moni ndi dzanja limodzi m'mwamba. Ukakhotera kumidzi ya ku Nsaru nthawi ya dzinja, giya yachiwiri ndiye mpikisano wonse.

Kunyumba mayi a ana anaweruza mlanduwu asanaphule ndiwo. "Bambo a Chikondi, chikulemetsa galimoto si lamba ayi. Ndi matumba a mtedza amene mumasanjika mpaka padenga, ndi anzanu a bawo amene salipira, ndi mimba yanuyo." Ndinafuna kuwakumbutsa kuti mayi awo nawonso amakwera ulere ndi nkhuku zawo tsiku la msika, koma ndinaona kuti mthiko uli m'manja.

Panopa mudzi wonse wamva kuti ndikufuna kuthamanga. Ana amene amandikankha m'mawa akweza mtengo, ati galimoto ya mpikisano siikankhidwa pa mtengo wa galimoto wamba.

Mphwanga, ngati ukuwerenga, ndalama ya puleyo ugule batire, upatsire a basi obwera ku Lilongwe. Anawa andimaliza.