Sampu Imadana ndi Changu

Ku Biwi, mumzinda wa Lilongwe, magalaja ambiri alibe denga. Pamakhala mtengo wamthunzi, nthaka yakuda bii ndi oyilo wa zaka zambiri, ndi galimoto zingapo zotsegula maboneti. Ndidakhala pa benchi ya mayi wogulitsa tiyi pafupi ndi galaja ina yotere, ndipo mawu a anthu awiri amene sankamvana adandifika m'khutu.

Pakati pawo panali Corolla yoyera, ya mtundu uja wa AE101 umene Toyota idayamba kupanga mu 1991, injini yake 4A-FE. Galimoto zotere zidabwera zambiri kuchokera ku Japan zitagwirako kale ntchito, ndipo zina zikunyamulabe anthu mpaka lero. Iyi inali takisi, ndipo dalaivala wake maso anali pa foni nthawi zonse.

"Madala, ine ndangoti mungokhwimitsako mabawutiwo basi. Oyilo akungodontha pang'ono. Pofika 2 koloko ndikhale ndili pa siteji, abwana akudikira ndalama yawo madzulo."

Amakaniko, bambo a imvi za apo ndi apo, adayankha ali chagada pa katoni kunsi kwa galimoto. "Mabawuti amenewa wina adawakoka kale mopitiriza. Ndikangowonjezera, adukira mkati. Ndiye tiyambe kuboola injini, achimwene?"

Sadathamangire kumasula chilichonse. Adauza mnyamata wowathandiza kuti atsuke injini yonse ndi parafini, ayipukute, kenako ayilize kwa kanthawi. Iwo adatenga tochi n'kuyamba kuunika kuchokera pamwamba: m'mphepete mwa tapeti kava, pamene pamalowa distributor, pa kaswichi ka oyilo, ndi kumene kumakhala mphira zotsekera oyilo kutsogolo ndi kumbuyo kwa crankshaft.

"Oyilo sakwera mtunda," adauza mnyamatayo. "Akatuluka pena paliponse amatsetserekera pansi, ndiye aliyense amaloza sampu. Ambiri amasula sampu yosalakwa, galimoto n'kubwereranso ikudontha."

Ulendo uno pamwamba ponse padali gwa. Kanzere ka oyilo watsopano kadaonekera pamene sampu imakumana ndi injini, mbali yakumbuyo. Dalaivala adausa moyo, n'kukakhala pa tayala lakutha.

Galimoto idakwezedwa ndi jeke, koma madalawo adakana kulowanso kunsi mpaka mnyamata atabweretsa masitandi achitsulo ndi kuika miyala kumatayala akumbuyo. Apa ndidawalemekeza. M'magalaja athu timaona anthu atagona pansi pa galimoto yokhazikidwa pa jeke yekha kapena pa njerwa zosanja, pomwe jeke amatha kuphwa ndipo njerwa imaphwanyika mosachenjeza. Corolla yotere kulemera kwake ndi pafupifupi tani imodzi, ndipo palibe chifuwa cha munthu chimene chingapirire zimenezo.

Sipanala ya 14 idamasula bawuti yokhetsera oyilo, oyilo wakuda n'kutsikira m'chigubu chodula pakati. Kenako adachotsa zotchinga njira: paipi ya ekizozi imene imadutsa kunsi kwa injini, ndi chitsulo chimene chimayenda pakati kuchirikiza injiniyo. Atatero mpamene adafika pa sampu yeniyeni. Mabawuti 19 ndi manati 2, onse a sipanala ya 10, adawaponya m'kachitini kuti lisasowe ndi limodzi lomwe.

Zonse zitamasulidwa, sampu idakhalabe pomwepo, itamatirira. Mnyamata adatola sikuludilaiva yaikulu.

"Iwe! Siya imeneyo!" Mawuwo adadzidzimutsa ndi mayi wa tiyi yemwe. "Ukapana ndi chimenecho upinda mlomo wa sampu. Chitsulo chake n'chopyapyala. Ndipo kutsogolo uku kuli pampu ya oyilo, kumbuyo kuli chogwira mphira ya crankshaft, zonsezo n'za aluminiyamu. Ukazikanda, udzazimata ndi chiyani?"

Adatulutsa kampeni kopyapyala, kaphanthiphanthi, n'kukalowetsa pa mpata m'mbali mwa sampu, kutali ndi malo a aluminiyamu aja. Adakagogoda pang'onopang'ono ndi hamala, kakuyenda m'mphepete, kakudula zomatira zakale. Idatenga nthawi. Kenako sampu idalekana ndi injini, mnyamata n'kuyilandira ndi manja awiri.

"Achimwene, tabwerani mudzaone nokha."

Dalaivala adagwada. Nanenso ndidasendera, pamodzi ndi wakabaza wina amene ankapumula pamthunzipo. Kunsi kwa injini kudalendewera kapaipi kokhala ndi sefa kumapeto, pamene pampu imayamwira oyilo. Pa sefayo padakakamira tizingwe tofiira ta silikoni, tina totalika ngati chala. Tina tidali titagona pansi m'sampu, m'matope akuda a oyilo wakale.

"Amene adamata komaliza adathira silikoni wochuluka, poganiza kuti akachuluka ndiye sadontha. Pomanga mabawuti, wina adafinyikira kunja, wina mkati. Wamkatiyo amathothoka ndi kutentha, n'kubwera kudzatseka sefa. Kanyale ka oyilo sikamaphethira pa dashibodi?"

Dalaivala adakanda kumutu. "Kamaphethira injini ikatentha, makamaka ndikaima pa maloboti. Ndimayesa ndi waya."

"Si waya ameneyo. Injini ikulira njala ya oyilo. Sefa ikatsekeka, oyilo safika mokwanira ku mabeyaring'i, zitsulo zimayamba kudyana, tsiku lina mudzangomva yanoka. Kudontha kumene mwabwerera kuno ndiye kwakupulumutsani."

Wakabaza adafunsa zimene nanenso ndinkafuna kudziwa. "Nanga bwanji osangoika gasiketi, madala?"

"Injini iyi idachoka ku fakitale yopanda gasiketi pa sampu. Amamata ndi silikoni wa injini, wopirira oyilo ndi kutentha. Osati uja womatira magalasi ndi masinki, wonunkha viniga. Ameneyo ntchito yake ndi ya m'nyumba."

Chimene chidatsatira ndi chimene anthu ambiri sachiwerengera ngati ntchito, chifukwa chilibe phokoso. Mnyamata adakhala pansi ndi lezala, kupala silikoni wakale pa mlomo wa sampu kufikira chitsulo chitawala. Adatsuka sampu ndi sefa mu petulo. Madala adapala mbali ya injini okha, atagona chagada, akusamala kuti zinyenyeswa zisagwere mkati, n'kutokosa mabowo onse a mabawuti. Atatero adaika sampu chafufumimba pa thabwa losalala, n'kuyiyang'ana cha m'mbali diso limodzi atatsinzina. Pa bowo lililonse chitsulo chidali chitatukumuka chifukwa cha kukokedwa kuja. Adaphwetsa malo amenewo limodzilimodzi ndi kahamala, mlomo wonse mpaka kuwongoka.

Oyilo wotsalira m'injini ankangotsikabe m'makoma, kudzanyowetsa pamene apukuta kale. Iwo ankapukutanso. "Pakangotsala kadontho, ngakhale chidindo cha chala chamafuta, silikoni sagwira pamenepo. Mpamene padzayambire kudontha."

Kumata kwenikweni kudali kwa kanthawi kochepa. Adadula kamlomo ka chubu pang'ono, n'kuyendetsa kanzere kamodzi kosadukiza kuzungulira sampu yonse, kunenepa kwake pakati pa mamilimita 3 ndi 5, kodutsa chamkati, kulambalala mabowo a mabawuti. Sadapakenso ndi chala. Apa tsono ndiye adafulumira, chifukwa silikoni akakhala pamphepo mphindi zingapo amayamba kuuma pamwamba ndipo sagwiranso bwino. Awiriwo adakweza sampu molunjika, osayigwedeza, n'kulowetsa mabawuti onse ndi zala asadagwire sipanala. Pomanga adayambira pakati kupita kumapeto, uku ndi uku mosinthanasinthana, sipanala ataigwirira pafupi ndi mutu.

"Buku la injini iyi limati 4.9 Nm basi," adauza mnyamata. "Ndi mphamvu ya zala imeneyo, osati ya phewa." Pa bawuti yokhetsera oyilo adaikapo washa watsopano.

Dalaivala adadzuka nkhope itawala, n'kukatenga chigubu cha oyilo m'buti. "Tithire tsopano, malita atatu ndi pang'ono, eti?"

"Mawa."

"Mawa? Madala, mukundipha! Ena amathira pompo galimoto n'kumapita."

"Amapita, inde, ndipo amabweranso. Werengani pa chubupo, alemba maola 24 kuti aume kwathunthu. Oyilo wotentha akafika pa silikoni wamuwisi amadzipangira njira. Ngati mukufuna kuthira lero, thirani nokha, koma musadzatchule dzina langa."

Ndidamumvera chisoni dalaivalayo. Kukakamira kwake sikudali kwa mwano. Dalaivala wa takisi amadya za tsiku lomwelo, ndipo galimoto ikagona pa galaja, ndalama ya abwana imasanduka ngongole yake. Changu chimene chimaononga injini zambiri chimayambira pamenepa, ndipo makaniko wofuna kusunga kasitomala amangogonja.

Dalaivala adaimbira foni abwana ake, n'kuikweza mawu kuti madala adzilankhulire okha. Mwini galimoto adali mayi. Adamvetsera za sefa ndi tizingwe tija mosadula mawu, kenako adafunsa funso limodzi: "Ndiye kuti ikanapitiriza kuyenda, injini ikanafa?"

"Ikanafa, mayi. Tsiku lake lokha ndi limene sindingalidziwe."

"Igone komweko. Ya lero ndi ya mawa m'mawa usaiwerengere, mwanawe. Injini ina ndingaigule ndi chiyani?"

Madala adauza dalaivala kuti abwere ndi fyuluta yatsopano, ndipo kuti akadzathira oyilo adzailiza injini mpaka itenthe, n'kuunikanso m'mphepete monse galimoto isadachoke. Mnyamata adatsanulira oyilo wakale m'chigubu chotseka, osati pansi, n'kuyamba kutolera masipanala.

Mayi ameneyu adaganiza bwino, ndipo eni galimoto enanu mutengerepo. Sampu ikamasulidwa, pemphani kuti akuonetseni sefa ndi maso anu, gulani silikoni wa injini weniweni, ndipo dalaivala wanu mumukhululukire ndalama ya tsiku limenelo kuti asakakamize amakaniko kuthira oyilo nthawi isadakwane.