Mabuku 30 a Mayi Kondo ndi mandasi a pa Bangula

Mwini danga lino, mphunzitsi wopuma pantchito amene amakhala kufupi ndi Bangula, amauza aliyense womupatsa khutu kuti iye ndi munthu wa mabuku. Mayi a kunyumba kwake satsutsa. Amangowonjezera kuti iwo anakwatiwa ndi mwamuna mmodzi ndi makatoni asanu ndi awiri, ndipo chipinda chabwino anatenga ndi makatoniwo.

Mavuto anabwera pa minibasi. Mwana wawo wamkazi, wogwira ntchito ku Blantyre, anatsetsereka phiri la Chikwawa atanyamula nzeru yatsopano mu foni. Akuti ku Japan kuli mayi wina, Marie Kondo, amene anatchuka chifukwa chouza anthu kuti azitaya katundu wawo. Buku lake linatuluka mu 2011, ndipo mu Januwale 2019 anayamba kuoneka pa Netflix akulowa m'nyumba za anthu a ku America, eni nyumba akugwetsa misozi pamulu wa malaya. Njira yake njosavuta kufotokoza. Unjika zonse pansi, nyamula chimodzichimodzi. Mtima ukati myaa, chisunge. Ukangoti zii, chithokoze n'kutsanzikana nacho. Mayiyo ananenapo kuti iye amasunga mabuku pafupifupi 30 okha.

"Ababa, anthu ozindikira masiku ano akukhala ndi zinthu zochepa," anatero mwanayo.

Mkuluyu anaseka mpaka kutsokomola. Kuchigwa kuno ntchito ya Mayi Kondo anaiyamba kalekale ndi Shire ndi Ruo, ndipo iwo safunsa za mtima wa munthu. Mu Januwale 2015, pamene boma linalengeza za ngozi ya madzi osefukira m'maboma 15, anthu a ku Makhanga anatsala ndi zovala za m'thupi basi. Mu Malichi 2019 kunabwera namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la ku Kapichira, dziko lonse n'kumagona mumdima, kenaka Freddy mu Malichi 2023. Apa palibe choseketsa, ndipo amene anaika maliro zaka zimenezi akudziwa. Choseketsa ndi mkulu wathuyu. Usiku wa madzi a 2015, mayi anabereka mdzukulu, mbuzi ili pachingwe, mphika uli m'manja. Bambo anatuluka atasenza katoni ya mabuku, ziphaso zonse za banja atazisiya pansi pa matiresi. Nkhaniyi imatulukabe pa ukwati ndi pa maliro pomwe.

Komabe mwana wotumiza ndalama mwezi ndi mwezi sakanidwa. Loweruka lina mu Okutobala, nthawi imene kutentha kuno kumapitirira madigiri 40 ndipo ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, anayala mkeka pansi pa mtengo wa nimu n'kukhuthula makatoni onse. Atawerenga anapeza mabuku 212.

Akanakhala ochuluka kuposa apo, koma panali ena amene anayamba kale kuthandiza. Oyamba ndi abale obwereka, aja amati "ndibweza Lolemba" osatchula kuti la chaka chiti. Achiwiri ndi chiswe. Katoni yapansi inapezeka itasanduka chulu chaching'ono, ndipo mtanthauziramawu wa Chingerezi anali atadyedwa kuyambira pa A mpaka pa M. Pa N chiswecho chinakhuta. Mkuluyu, amene pa zaka 34 za uphunzitsi sanaonepo mwana wofika pa D, anachipatsa ulemu wake.

Ndiye anayamba kunyamula. Mbiri ya Amang'anja, lolembedwa ndi E.W. Chafulumira: myaa. River of Blood, limene Bambo Matthew Schoffeleers anatulutsa mu 1992 lofotokoza za Mbona wa ku Khulubvi: myaa kawiri. Bukuli mkuluyu analiwerenga mpaka tsamba 19, koma kukamabwera alendo amaliika patebulo, kapepala kali chakumapeto. Buku la kalimidwe ka thonje nalonso linati myaa, ngakhale mwini wake sanabzalepo phando limodzi la thonje, ndipo ku Ngabu amangopita kukaona ng'ombe za anzake. Mapepala akale a mayeso a Sitandade 8 anawagwira pachifuwa ngati khanda.

Mayi ankaonerera ali pakhonde, akusankha mapira.

"Bambo a ana, mtima wanuwo ukungoti myaa pa chilichonse. Bwanji osapita nawo kuchipatala?"

Dzuwa likulowa, mulu wosunga unali ndi mabuku 209. Wotaya unali ndi atatu.

Loyamba linapezeka kuti si lake. Pachikuto panali dzina la mphunzitsi mnzake wa ku Nchalo, amene anamulonjeza kuti abweza Lolemba. Lachiwiri, atalikutumula, munagwa kalata yachikondi imene iye analembera mayiwa asanakwatirane, n'kuchita mantha kuipereka. Mayi anaiwerenga mokweza pamaso pa ana, anakonza zilembo ziwiri zolakwika, n'kulamula kuti bukulo libwerere m'katoni.

Linatsala limodzi, la masamu a silabasi imene inasinthidwa kalekale. Analigwira ndi manja awiri, analiuza kuti "takhuta" monga achitira anansi ake Achisena, ndipo anakalipereka kwa mayi wina wokazinga mandasi pamsika. Anabwerera kunyumba ali wopepuka, akuyenda ngati munthu wa ku Tokyo.

M'mawa mwake anapita kukagula mandasi a tiyi. Anamukulungira m'pepala. Ali m'njira anaona kuti pepalalo ndi tsamba 47, ndipo m'mphepete mwake munali kalembedwe kake, ka inki yofiira, ka nthawi imene dzanja linali lisanayambe kunjenjemera. Mafuta anali atalowerera pa sikweya ruti. Mtima unati myaa mochedwa. Anatembenuka, anagula beseni lonse la mandasi kuti apulumutse masamba otsala, ndipo banja linadya mandasi masiku atatu, mbuzi nayo inalawako.

Pambuyo pake mnzake wina anamuuza kuti mu Januwale 2023 Mayi Kondo eni akewo anavomera kuti atabereka mwana wachitatu anasiya kulimbana nazo kwambiri zokonza m'nyumba. Mkuluyu anaimbira mwana wake ku Blantyre nthawi yomweyo, mayunitsi ochita kukongola, kumuuza kuti mayi ujatu anagonja pa ana atatu, pomwe kuno tinalera asanu ndi mmodzi ndipo katoni sitinataye ngakhale imodzi.

Buku la masamu lija tsopano lili padenga la khola, masamba ake atapsinjidwa ndi miyala kuti aume. Kuyambira tsamba 31 mpaka 46 sanapezeke, anapita ndi anyamata a kabaza amene analawirira kugula. Mkuluyu waoneka kawiri padepoti akufunsa amene anadya mandasi okulungidwa m'mafulakishoni.